Chipinda Chophunziriramo Ana Aang'ono: Kodi Chimawathandiza Kapena Chimawasokoneza?

Cholinga cha phunziroli

Ambiri mwa ife tili ndi ana, adzukulu kapena abale aang'ono amene amapita ku sukulu ya mkomba phala. Ena mwa ife ndi alezi, ena amakhala m'makomiti oyang'anira sukuluzi. Tikamakambirana za maphunziro a ana amenewa, timakonda kutchula mphunzitsi, zidole ndi phala. Za chipinda chenichenicho timazikumbuka denga likayamba kudontha basi. M'phunziro lino tiona kuti zimene zili m'chipinda, monga makoma, mazenera, phokoso ndi malo amene zinthu zaikidwa, zimatha kuthandiza mwana kuika maganizo ake pa phunziro, ndiponso zimatha kumuchotsa pa phunzirolo. Tiwerenge gawo lililonse mokweza, mosinthanasinthana, ndipo tisathamangire mafunso. Aliyense apatsidwe mpata wolankhula.

GAWO 1

Sukulu za ana osakwana msinkhu wa pulayimale zinayamba kale. M'chaka cha 1840, mphunzitsi wina wa ku Germany, Friedrich Fröbel, anapatsa sukulu yake ya ku Bad Blankenburg dzina lakuti Kindergarten, kutanthauza munda wa ana. Dzinali ndi limene mayiko ambiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero. Fanizo la munda ndi losavuta kwa ife alimi. Mlimi sakoka mmera kuti ukule msanga. Ntchito yake ndi kusamala malo amene mmerawo uli: amapalira, amapatulira mbewu zikathinana, amaonetsetsa kuti dzuwa ndi madzi zikufika. Nafenso timati mmera mpoyamba, ndipo ndi mawu omwewa amene timatchulira maphunziro a ana aang'ono masiku ano.

Tsono tiyeni tilowe m'maganizo mwathu m'chipinda chimene tonse tinachionapo. Alendo anabweretsa matchati okongola, ndipo alezi anawamata onse tsiku lomwelo. Khoma lililonse ladzaza: zilembo, manambala, miyezi ya pachaka, ziwalo za thupi, nyama za kutchire, zipatso zimene anawo sanazilaweko. Matchatiwo ali m'mwamba pafupi ndi denga poopa kuti ana angawang'ambe. Akhala pomwepo zaka zitatu, ena afika pofufuma ndi dzuwa. Mlendo aliyense akalowa amayamikira kuti sukuluyi ndi yotsogola, ndipo makolo amasangalala. Funso limene sitidzifunsa ndi lakuti mwana wa zaka zinayi amene wakhala pamphasa akuona chiyani, ndipo zimene akuonazo zikumuchitira chiyani pamene mlezi akufotokoza nthano.

Kambiranani:
1. Kumbukirani chipinda chimene munayambiramo sukulu. Ndi zinthu ziti zimene mukuzikumbukirabe?
2. Tikamakongoletsa chipinda cha ana, kawirikawiri timakhala tikuganizira maso a ndani?

GAWO 2

Funso limeneli linafufuzidwa ndi akatswiri atatu a pa yunivesite ya Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh ku America. Mayina awo ndi Anna Fisher, Karrie Godwin ndi Howard Seltman, ndipo zotsatira za kafukufuku wawo zinasindikizidwa m'chaka cha 2014. Iwo anatenga ana 24 a kalasi ya kindergarten, kumene ku America amalowako ana a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kuwaphunzitsa maphunziro asanu ndi limodzi a sayansi. Phunziro lililonse linali lalifupi, la mphindi zochepa chabe, ndipo linali pa nkhani zimene anawo sankazidziwa bwino, monga mapiri ophulika, tizilombo, ndiponso dzuwa ndi mapulaneti.

Maphunziro atatu anachitikira m'chipinda chimene makoma ake anadzaza ndi matchati, mamapu ndi zojambula za ana. Atatu enawo anachitika zokongoletsa zonse zitachotsedwa. Ana anali omwewo, kaphunzitsidwe kanali kofanana, ndipo chimene chinkasintha ndi makoma okha. Makamera ankajambula anawo kuti ofufuza aone kumene maso a mwana aliyense ali, ndipo phunziro lililonse likatha anawo ankafunsidwa mafunso pa zimene amva.

Zotsatira zake zinali izi. M'chipinda chokongoletsedwa, pa mphindi 100 zilizonse ana ankatha pafupifupi mphindi 39 maganizo ali kwina. M'chipinda cha makoma opanda kanthu ankatha pafupifupi mphindi 28. Pa mafunso aja, m'chipinda chokongoletsedwa ankakhoza pafupifupi mafunso 42 pa 100 aliwonse, pamene m'chipinda chinacho ankakhoza pafupifupi 55.

Pali mfundo ina imene tiyenera kuiona bwino. Makoma atachotsedwa zokongoletsa, ana sanasanduke akuluakulu omvetsera mwakachetechete. Ankatengekabe ndi zina, makamaka anzawo oyandikana nawo ndi zinthu za pathupi pawo monga zovala. Mwana ndi mwana ndithu. Komabe tikaphatikiza nthawi yonse yotayika, inali yochepa kusiyana ndi m'chipinda chodzaza chija. Ofufuzawo sananene kuti aphunzitsi agwetse zonse zili pakhoma. Anawalimbikitsa kuti azilingalira ngati zimene amata zikuthandiza ana kapena zikuwasokoneza.

Yankhani mafunso awa:
1. Ndi chiyani chimene chinkasintha pakati pa maphunziro atatu oyamba ndi atatu enawo?
2. M'chipinda chokongoletsedwa ana ankakhoza mafunso ______ pa 100, ndipo m'chipinda chinacho ankakhoza ______ pa 100.
3. Ana atakhala m'chipinda chopanda zokongoletsa, ankatengeka ndi chiyani?

GAWO 3

N'chifukwa chiyani zithunzi zimene zinaikidwa kuti zithandize ana zinakhala zowasokoneza? Yankho lili pa mmene mwana amakulira. Munthu wamkulu akakhala pamsika amatha kumvetsera mnzake mmodzi ngakhale anthu ambiri akufuula ndipo zinthu zamitundumitundu zili paliponse. Ubongo wake umasankha chimene akufuna n'kusiya zina zonse. Luso losankhali sitibadwa nalo lathunthu. Limadalira kwambiri mbali ya kutsogolo ya ubongo, kuseri kwa mphumi, imene imakhwima pang'onopang'ono mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amakhala atangoyamba kumene kuphunzira lusoli.

Choncho chinthu chowala, chofiira kapena chogwedezeka chimakoka maso ake asanaganize n'komwe. Sachitira dala. Mlezi akufotokoza za kalulu, koma pakhoma pali ndege yachikasu, pambali pake pali mkango, ndipo pamwamba pakulendewera mapepala amene akuvina ndi mphepo. Makolo athu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwana amadumpha kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, ndipo akamabwerera kwa mlezi nthano yapita kale patsogolo. Popeza sanamve pakati, mapeto ake samupindulira kanthu.

Apa ndi pamene pali nkhani ya chilungamo. Mwana wotereyu timamukalipira kuti ndi wosamva. Ena timawatcha opusa kapena ovuta, ndipo dzina loterolo limatha kumutsatira mwana mpaka ku Sitandade 1, iye n'kuyamba kulikhulupirira. Chonsecho chipinda tinachikonza ndife, ndipo zimene zikumukokazo tinamata ndife. Tisanaweruze mwana, ndi bwino tiyambe taona malo amene tamukhazika.

Lembani ngati ziganizo izi zili zoona kapena zabodza, kenako fotokozani chifukwa chake:
a. Mwana wa zaka zinayi akamayang'ana pakhoma nthawi ya phunziro ndiye kuti ndi wamwano.
b. Luso loika maganizo pa chinthu chimodzi limakula pang'onopang'ono.
c. Chithunzi chilichonse chophunzitsa chimathandiza ana nthawi ina iliyonse.
d. Akuluakulu ali ndi udindo pa zimene zimasokoneza ana m'kalasi.

GAWO 4

Mwina wina anganene kuti ngati zili choncho tingochotsa zonse, makoma akhale mbee. Tisafulumire. Kafukufuku wa ku Pittsburgh anali wa ana 24 okha, ndipo anayerekeza zipinda ziwiri zosiyana kwambiri, chodzaza ndi chopanda kanthu. Pali kafukufuku wina wamkulu amene amatithandiza kuona zapakati pake.

Ku England, gulu la akatswiri a pa yunivesite ya Salford, lotsogoleredwa ndi Peter Barrett, linayendera zipinda 153 m'sukulu za pulayimale 27. Linayeza kuwala, kutentha, mpweya, mitundu ya penti, zomata pakhoma ndi kaikidwe ka mipando, kenako linaona mmene ana 3,766 a m'zipindazo anapitira patsogolo pa kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chaka chimodzi. Lipoti lawo linatuluka mu 2015. Anapeza kuti pa kusiyana konse kumene kunalipo pa kapitidwe patsogolo ka anawo, magawo 16 pa 100 ankagwirizana ndi mmene chipinda chinalili. Anawa anali a pulayimale, okulirapo kuposa a mkomba phala, koma zimene tawerenga m'gawo lapitali zikutiuza kuti wamng'ono ndi amene amatengeka msanga ndi zomuzungulira.

Pa nkhani ya makoma, anapeza kuti zipinda zimene ana ankachita bwino zinali zapakatikati. Chipinda chodzaza kwambiri sichinkathandiza, ndipo chipinda chopanda kanthu kalikonse sichinkathandizanso. Analangiza kuti pa malo onse a pakhoma, magawo 20 mpaka 50 pa 100 azisiyidwa opanda chomata. Anaonanso kuti ana amachita bwino m'chipinda chimene amachiona kuti ndi chawo, momwe muli ntchito za manja awo ndi malo osungira zinthu zawo.

Tingaphunzirepo zinthu zitatu. Choyamba, chimene chili pakhoma chikhale chogwirizana ndi zimene ana akuphunzira panthawiyo. Ngati sabata ino tikuphunzira za ziweto, pakhale nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe, ndipo tchati cha miyezi chidikire nthawi yake m'katoni. Chachiwiri, zomata zizisinthidwa. Tchati chimene chakhala zaka zitatu sichiphunzitsanso kanthu, chimangodzaza malo. Chachitatu, khoma limene ana amayang'anako pomvetsera nthano, kumbuyo kwa mlezi, likhale losadzaza kuposa ena onse. Zojambula za ana zikhoza kukhala kumbali kapena kumbuyo kwawo, kumene angapite kukaziona nthawi yosewera.

Kambiranani:
1. Kodi kusiyana kwa chipinda chokongola ndi chipinda chothandiza kuli pati?
2. Sukulu yalandira matchati khumi ngati mphatso. Mungawalangize bwanji alezi kuti awagwiritse ntchito popanda kukhumudwitsa amene anapereka?

GAWO 5

Chimene chingatidabwitse pa kafukufuku wa ku Salford n'chakuti zomata pakhoma ndi mitundu ya penti sizinali zazikulu pa zonse. Pafupifupi theka la mphamvu ya chipinda pa maphunziro linkachokera ku zinthu zitatu zimene sitiziwerengera: kuwala, kutentha ndi mpweya.

Tiyambe ndi kuwala. M'chipinda chamdima mwana amavutika kusiyanitsa zilembo zofanana ndiponso saona bwino pakamwa pa mlezi, pamene ana aang'ono amaphunzira mawu poyang'ananso milomo ya wolankhula. Kuwala kochuluka kukhozanso kuvuta. Mlezi akaima kutsogolo kwa zenera kapena pakhomo, ana amaona chithunzithunzi chakuda m'malo mwa nkhope yake. Ndi bwino kuwala kuzichokera kumbali kapena kumbuyo kwa ana. Nthawi zina timatseka tokha kuwala pomata mapepala pazenera kapena kuunjika katundu pamenepo.

Mpweya nawo ndi wofunika. Ana makumi anayi akakhala m'chipinda chotseka, mpweya umene amatulutsa popuma umachuluka, ndipo amayamba kuyasamula ndi kuwodzera. Tikawonjeza kutentha kwa malata m'mwezi wa October, ola limodzi lisanathe ana amakhala atafooka. Mlezi angaganize kuti ndi njala kapena ulesi, chonsecho chikufunika ndi kutsegula mazenera a mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, kapena kutuluka nawo kukakhala pansi pa mtengo. Tionenso kumene tikuphikira phala. Ngati utsi wa nkhuni ukulowera pazenera la kalasi, ana akuupuma m'mawa uliwonse.

Chachitatu ndi phokoso, ndipo pa ili pali nkhani yodziwika ya ku New York. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wina wotchedwa Arline Bronzaft anafufuza sukulu ya pulayimale imene inali pafupi ndi njanji ya sitima zoyenda m'mwamba. Zipinda za mbali imodzi zinayang'ana kunjanji, ndipo sitima ikamadutsa, pakangotha mphindi zochepa zilizonse, mphunzitsi ankayamba wasiya kulankhula. Zipinda za mbali ina zinali zabata. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 1975 zinaonetsa kuti ana a mbali yaphokoso anali m'mbuyo pa kuwerenga ndi miyezi ingapo, ndipo a kalasi yapamwamba anali m'mbuyo pafupifupi chaka chathunthu. Pambuyo pake akuluakulu anaika labala panjanji ndi zochepetsa phokoso kudenga la zipindazo. Atayezanso, lipoti la mu 1981 linaonetsa kuti ana a mbali zonse ziwiri ankawerenga mofanana.

Mwana wamng'ono amavutika ndi phokoso kuposa wamkulu pa chifukwa chosavuta kumva. Ife tikaphonya mawu amodzi m'chiganizo timatha kuwaganizira, chifukwa chilankhulo timachidziwa kale. Mwana amene akuphunzira kumene mawu sangathe kudzaza mpata umenewo. Kwathu kuno sitima zam'mwamba kulibe, koma kuli zigayo, mawailesi a pagolosale, misewu ikuluikulu, magulu awiri a ana ophunzirira m'chipinda chimodzi, ndi mvula yogunda pamalata. Zina sitingazichotse, koma tingasinthe nthawi. Nthano ndi kuphunzira mawu atsopano zichitike nthawi yabata, ndipo kuimba, kuvina ndi kuumba zichitike phokoso likachuluka.

Yankhani:
1. Tchulani zinthu zitatu zimene zinapanga pafupifupi theka la mphamvu ya chipinda m'kafukufuku wa ku Salford.
2. Ku New York, n'chiyani chinasintha kuti ana a mbali ziwiri ayambe kuwerenga mofanana? Kodi anasintha anawo kapena malo?
3. Ndi phokoso lanji limene lili pafupi ndi sukulu ya mkomba phala ya kwanu, ndipo limachuluka nthawi yanji?

GAWO 6

Tsopano tione nkhani ya msinkhu. Pa 6 January 1907, dokotala wina wa ku Italy, Maria Montessori, anatsegula malo osungirako ana m'dera la anthu osauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome. Malowa anatchedwa Casa dei Bambini, kutanthauza Nyumba ya Ana. Anawo anali a makolo amene ankapita kuntchito tsiku lonse n'kuwasiya okha. Montessori atawayang'anitsitsa, anachotsa mipando ikuluikulu yolemera n'kuika timipando ndi timatebulo topepuka, toti mwana angathe kunyamula yekha. Zipangizo anaziika m'makabati aafupi kuti mwana azitha kutenga chimene akufuna ndi kuchibweza pamalo pake. Anawo ankasesa, kupukuta ndi kusamalira chipinda chawo. Iye anaona kuti ana amene ankaoneka osakhazikika ankatha kukhala nthawi yaitali pa ntchito imodzi imene asankha okha, ndipo njira yakeyi inafalikira m'mayiko ambiri.

Masiku ano sukulu zotchedwa ndi dzina lake nthawi zambiri zimakhala zodula, koma tisaiwale kuti maganizowa anabadwira pakati pa anthu osauka, ndipo mtima wake sufuna ndalama zambiri. Chinthu chili cha mwana ngati akutha kuchiona bwino, kuchifikira ndi kuchigwira. Tchati chimene chili pafupi ndi denga ndi cha alendo. Zidole zimene zimakhala zokhomedwa m'bokosi poopa kuti zingaonongeke zimatha zaka zikadali zatsopano, koma palibe mwana amene waphunzirapo kanthu.

Dongosolo nalonso limaphunzitsa. Zitsekerero za mabotolo zikakhala ndi chitini chake, timitengo towerengera tili ndi pake, dongo lili ndi pake, mwana amadziwa kumene angapeze chinthu popanda kufunsa. Akamabweza chilichonse pamalo pake amakhala akuphunzira kusiyanitsa ndi kuika zinthu m'magulu, zimene ndi chiyambi cha masamu. Amaphunziranso kusamala za gulu ndi kuganizira mnzake amene adzazifune pambuyo pake. Nkhawa yakuti ana aononga zinthu ndi yomveka, ndipo zina adzang'ambadi. Koma mwana amaphunzira kusamala chinthu akapatsidwa mwayi wochigwira ndi kuonetsedwa kagwiridwe kake.

Kambiranani:
1. Ndi zinthu ziti m'chipinda cha ana cha kwanu zimene mwana sangazifikire? N'chifukwa chiyani zinaikidwa pamenepo?
2. Ndi makhalidwe ati amene mwana amaphunzira akamabweza zinthu pamalo pake tsiku ndi tsiku?

GAWO 7

Ena mwa ife pofika pano akhoza kunena kuti mavuto a ku Pittsburgh si athu, chifukwa sukulu zambiri za mkomba phala za kumudzi zilibe n'komwe chomata pakhoma. Zina zimakumana m'nyumba yopempherera, m'chisakasa kapena pansi pa mtengo. Izi n'zoona, ndipo m'malo otere ntchito ndi kuwonjezera. Komabe mfundo ndi yomweyo: tisankhe zochepa, zogwirizana ndi phunziro, ndipo tiziike pa msinkhu wa mwana. Katoni yakale ikhoza kukhala tchati. Makala ndi dothi lamitundu zimajambula. Zitsononkho, miyala ikuluikulu yosalala, zitini zopanda m'mphepete mwakuthwa ndi dongo la kudambo ndi zipangizo zokwanira kuwerengera, kumangira ndi kuumbira. Tingosamala kuti pasakhale tinthu ting'onoting'ono toti ana aang'ono kwambiri angameze kapena kulowetsa m'mphuno. Chithunzi cha mbuzi chimene mlezi wajambula pamodzi ndi ana chimabweretsa mawu ambiri pakamwa pawo kuposa chithunzi chosindikizidwa cha chipatso chimene sanachionepo.

Tiyenera kukumbukiranso kuti chipinda chimathandiza mphunzitsi, sichilowa m'malo mwake. Kuno ku Malawi kunachitika kafukufuku m'sukulu za mkomba phala 199 mothandizidwa ndi World Bank, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Sukulu zonsezo zinalandira zipangizo zosewerera ndi zophunzirira. M'sukulu zina alezi anaphunzitsidwanso ntchito yawo, ndipo m'zina makolo nawonso ankakumana m'magulu kuphunzira za kulera ndi kucheza ndi ana. Patatha chaka ndi theka, ana amene anaoneka kuti apita patsogolo pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a m'sukulu zimene alezi ndi makolo omwe anaphunzitsidwa. Patatha zaka zitatu kusiyanako kunali kutazilala. Izi zikutikumbutsa kuti zipangizo zimagwira ntchito m'manja mwa munthu wodziwa kuzigwiritsa, kuti pakhomo ndi kusukulu ziyenera kuyendera limodzi, ndiponso kuti ntchito yothandiza mwana siitha iye akachoka ku mkomba phala.

Choncho pokonza chipinda tisachite ngati oyendera amene abwera kudzapeza zifukwa. Alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo amene anamata matchati aja anachita zimenezo chifukwa chokonda ana. Tipite kwa iwo modzichepetsa, tiwafunse zimene amaziona tsiku ndi tsiku, ndipo zosintha zichokere pa kukambirana kwa onse: alezi, komiti, makolo ndi amfumu ngati pakufunika kutero.

Kambiranani:
1. Tchulani zinthu zisanu zopezeka m'mudzi mwanu zimene zingakhale zipangizo zophunzirira popanda kugula.
2. Mungayambe bwanji nkhaniyi ndi mlezi amene wagwira ntchito zaka zambiri, kuti asaone ngati mukumudzudzula?

GAWO 8: Zochita tisanakumanenso

Tigawane awiriawiri. Gulu lililonse lipemphe chilolezo kwa alezi ndi komiti kuti likacheze ku sukulu ya mkomba phala yapafupi, kapena pamalo ena alionse pamene ana aang'ono amaphunzirira. Mukafika, chitani izi:

1. Khalani pansi pamene ana amakhala, maso anu akhale pa msinkhu wa maso awo. Khalani choncho kwa mphindi zisanu osalankhula. Lembani chimene chayamba kukoka maso anu.
2. Werengani zomata zimene zili pakhoma la kumbuyo kwa mlezi. Ndi zingati zimene zikugwirizana ndi phunziro la sabata imeneyo?
3. Onani kumene kuwala kukuchokera. Kodi nkhope ya mlezi ikuoneka bwino kwa mwana wa kumbuyo?
4. Onani ngati mphepo ikudutsa ndiponso kumene utsi wa kukhitchini ukupita.
5. Tsekani maso kwa mphindi imodzi, mumvetsere. Ndi phokoso liti limene likupikisana ndi mawu a mlezi?
6. Onani zinthu zimene mwana angathe kutenga ndi kubweza yekha.

Mukatha, khalani pansi ndi alezi, muyambe ndi kuwauza zabwino zimene mwaona. Kenako gwirizanani chinthu chimodzi chokha choti chisinthidwe, chosafuna ndalama: kutsitsa matchati atatu afike pa msinkhu wa ana, kusunga ena m'katoni, kutembenuza mphasa kuti ana asayang'ane kuzenera, kapena kusuntha mafuwa apite mbali ina. Pempherani alezi kuti aone kwa masabata awiri ngati pali kusintha pa mmene ana akumvetsera, makamaka ana aja amene amatchedwa ovuta.

Tikadzakumananso, gulu lililonse lidzafotokoza zimene linaona, chimene linasintha, ndi zimene alezi ananena. Osatchula dzina la mwana aliyense pofotokoza. Amene adzapeze kuti kusinthako sikunathandize adzatiuzenso momasuka, chifukwa zimenezo zidzatithandiza kusankha choyesa china.